Mwafunsa, Tayankha: Zolongedzeratu Kapena Zopima pa Sikelo, Eni Masheya Akuti Chiyani?

Makalata ambiri a mwezi uno akhudza nkhani imodzi, ya mkangano wa pulasitiki yomwe masupamaketi amakulungira zipatso ndi ndiwo zamasamba. Akuyankha ndi alembi athu a nkhani zamalonda.

Funso: Ndamva kuti eni masheya akukakamiza masupamaketi a ku Ulaya ndi America kuti achepetse pulasitiki. Munthu amene waika ndalama zake amafuna phindu basi. Kajumbo ka tomato kamukhudza pati?

Mwamva zoona. Mu May 2023, makampani 185 osunga ndi kuchulukitsa ndalama za anthu, omwe pamodzi amayang'anira chuma cha madola pafupifupi 10 thiriliyoni, anasaina kalata yomwe linakonza bungwe la ku Netherlands la VBDO, youza masupamaketi ndi opanga zakudya kuti achepetse pulasitiki. Mu 2022, pamsonkhano waukulu wa pachaka wa eni masheya a kampani ya Amazon, mfundo yonga yomweyi yochokera ku bungwe la As You Sow inatsala pang'ono kupeza theka la mavoti.

Chimene chikuwadetsa nkhawa ndi ndalama ndithu, koma anthu ambiri amaloza malo olakwika poganiza kuti nkhani yagona pa msonkho. Tiyeni tiwerengere. Ku Britain, kuyambira April 2022 pali msonkho pa pulasitiki yolongedzera imene mbali yake yochokera ku pulasitiki yakale siikwana 30 peresenti. Unayamba pa £200 pa tani, ndipo mu April 2025 unafika pa £223.69. Chaka chomwecho cha 2025 kunabweranso ndalama ina yomwe makampani akuluakulu amalipira kuti makhonsolo atolere zinyalala za zolongedzera zawo, £423 pa tani ya pulasitiki. Zonse pamodzi mu 2025 zinali pafupifupi £647. Kabokosi kapulasitiki kolemera magalamu 20 timakwana 50,000 m'tani imodzi, ndiye kuti kamodzi kakudya kobiri imodzi ndi kachidutswa, 1.3p. Kajumbo ka magalamu 5 sikafika ngakhale theka la kobiri. Ndalama imeneyi ikachulukitsidwa ndi mapaketi mamiliyoni imaoneka m'mabuku, komabe payokha singasinthe maganizo a supamaketi.

Chowopsa kwenikweni ndi lamulo loletsa. Makina olongedzera, nyumba zolongedzeramo, mashelefu ndi mapangano a zaka zingapo ndi alimi, zonsezi zinamangidwa poganiza kuti paketi idzakhalapo mpaka kale. Lamulo likati paketi ichoke, ndalama zomwe zinalowa m'makinawo zimafera momwemo. Palinso milandu: mu January 2023 mabungwe a ClientEarth, Surfrider Foundation Europe ndi Zero Waste France anakamang'ala kampani yopanga zakudya ya Danone ku khoti ku France pa nkhani ya pulasitiki. Mwini masheya akufuna adziwiretu ngati kampani yake ikukonzekera kapena idzagwira njakata tsikulo likadzafika.

Funso: Nanga kwa mwini supamaketi, chopindulitsa ndi chiti, kugulitsa zolongedzeratu kapena kusiya wogula asankhe yekha n'kupimitsa?

Kawirikawiri ndi zolongedzeratu, ndipo zifukwa zake zambiri sizikhudzana n'komwe ndi kutetezedwa kwa chakudya.

Yambirani pa tilu. Paketi ili ndi barcode, wapatilu amangoidutsitsa pamakina m'kamphindi. Chosalongedza chimafuna kuikidwa pa sikelo, kusakidwa pa kompyuta kapena kulembedwa nambala yake ya PLU, monga 4011 ya nthochi. Masekondi owonjezerawo, pa ogula zikwizikwi patsiku, ndi malipiro a antchito. Pa makina odzilipirira wekha pali vuto lina: wogula amaika mapeyala pa sikelo n'kudina karoti, mwadala kapena mosazindikira, ndipo kompyuta imasonyeza kuti karoti wagulidwa wambiri kuposa amene anabwera. Zolimidwa popanda feteleza ndi mankhwala, zomwe ndi zokwera mtengo, nthawi zambiri amazikulunga pa chifukwa chomwechi, kuti zisadutse pamtengo wa zinzake.

Kachiwiri, paketi imagulitsa zambiri. Amene amafuna mbatatesi zinayi amatenga thumba la makilogalamu awiri chifukwa ndi lomwe lilipo. Imathandizanso kugulitsa zazikulu ndi zazing'ono pamodzi, pomwe pamulu wosalongedza aliyense amasankha zokongola, n'kumafinya, kutembenuza ndi kugwetsa, mpaka pofika madzulo zotsala palibe wozifuna. Kumeneko wonjezerani madzi: chogulitsidwa pa kilogalamu chikamauma pa shelefu, kulemera komwe kwatayika ndi ndalama ya sitolo.

Katundu wotayika m'njira zonsezi, kuola, kubedwa ndi kulakwitsa pa tilu, ogulitsa amamutcha shrink, ndipo ndi nambala yomwe wodziwa za masheya amaifunsa poyamba. Masupamaketi akuluakulu amadya phindu lochepa kwambiri, nthawi zambiri £2 mpaka £4 pa £100 iliyonse yomwe agulitsa. Tiyerekeze kuti katundu wogulitsidwa £100 anagulidwa £70, phindu lotsala zonse zitalipiridwa ndi £3. Zotayika zikakwera ndi magawo awiri okha pa 100, sitolo yaluza £1.40, pafupifupi theka la phindu lija. N'chifukwa chake mabwana a masitolo amanjenjemera akamva zochotsa paketi.

Koma paketi nayo ili ndi zibowo zake zomwe ambiri saziwerengera. Lamulo la miyeso ku Britain ndi ku European Union limati mapaketi onse akaphatikizidwa n'kugawidwa, kulemera kwake kusachepere pa komwe kwalembedwa, ndipo pa paketi ya kilogalamu imodzi ndi ochepa okha omwe amaloledwa kuperewera kupitirira magalamu 15. Mbatatesi siidulidwa kuti ikwane bwino, choncho makina opimira amaipitiriza pang'ono. Paketi iliyonse ikapitirira ndi magalamu 20, pa mapaketi 50 aliwonse kilogalamu yathunthu yapita ulere. Chipatso chimodzi chikachita nkhungu m'paketi, yonse imatsitsidwa mtengo kapena kutayidwa, pomwe pamulu wantchito akadangochotsa chimodzicho. Ndipo paketi yolembedwa tsiku imachotsedwa pa shelefu tsikulo likakwana ngakhale zam'katimo zili bwinobwino. Ku Britain, sitolo ya M&S inachotsa masiku oterewa pa mitundu yoposa 300 ya zipatso ndi masamba mu July 2022, Waitrose nayo pa mitundu pafupifupi 500 mu September chaka chomwecho.

Funso: Ena akuti pulasitiki imaletsa chakudya kuwonongeka, ena akuti ndi bodza la opanga pulasitiki. Zoona n'ziti?

Onse ali ndi mbali yawo, chifukwa akunena za malo osiyana pa ulendo wa chakudyacho.

Chipatso kapena tsamba likathyoledwa limakhalabe lamoyo. Limapuma, kulowetsa okosijeni n'kutulutsa kaboni dayokisaidi, madzi ndi kutentha, ndipo likamapuma msanga limakalambanso msanga. Kutentha kukakwera ndi madigiri 10, kapumidwe kameneka kamawirikiza kawiri kapena katatu. Ichi ndicho chifukwa kuzizira kumaposa paketi iliyonse. Ntchito ya pulasitiki ndi kusunga chinyezi, kuteteza ku mabala, ndiponso pa zinthu zina kusintha mpweya wam'kati. Masamba oduladula a saladi amaikidwa m'jumbo momwe okosijeni watsitsidwa kuchoka pa 21 peresenti ya mpweya wamba kufika pa magawo ochepa chabe, ndipo jumbolo limakhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso, towerengeredwa molingana ndi kapumidwe ka tsambalo. Timabowoto tikachepa, kapena galimoto ikatentha panjira, okosijeni amatheratu, masamba amayamba kusasa ndi kununkha. Tikachuluka, jumbo lasanduka chokongoletsa chabe. Madzi akamadontha m'kati mwa paketi chifukwa chotulutsidwa ndi kubwezedwa m'firiji, nkhungu imapeza pomera, ndipo apa pulasitiki ndiyo ikuwolesa.

Mu February 2022 bungwe la WRAP la ku Britain linatulutsa zotsatira za kafukufuku wa miyezi 18 pa zinthu zisanu: maapozi, nthochi, burokoli, nkhaka ndi mbatatesi. Anapeza kuti zikafika kunyumba, pulasitiki imawonjezera masiku ochepa kwambiri kapena osawonjezera n'komwe, ndipo chothandiza kwambiri pa maapozi ndi burokoli ndi firiji yozizira pansi pa madigiri 5. Anawerengera kuti kugulitsa zisanuzi zosalongedza ndi kuchotsa masiku kungapulumutse matani pafupifupi 100,000 a chakudya chotayidwa m'makomo ndi matani oposa 10,300 a pulasitiki pachaka. Chifukwa chachikulu n'chakuti munthu amagula zomwe athe kudya.

Koma akatswiri a bungwe la kafukufuku la Empa ku Switzerland anatsata nkhaka zochokera ku Spain kukafika m'masitolo a kwawoko, n'kupeza kuti kapepala kokulungira nkhaka kamangotenga pafupifupi 1 peresenti ya mpweya woipa wa ulendo wonse wa nkhakayo, ndipo nkhaka zomwe kamapulumutsa m'sitolo zimalipira mtengo umenewo kangapo. Nkhaka ndi madzi okhaokha, pafupifupi 96 peresenti, ndipo mtundu wautali wa khungu lopyapyala umafota msanga paulendo wa masiku.

Kafukufuku woyamba anayang'ana kukhitchini, wachiwiri anayang'ana mumsewu ndi pa shelefu. Apa mpamene pagona nkhani yonse kwa woika ndalama: kuchotsa paketi kumachepetsa zotayidwa kunyumba, komwe sitolo siluzako kanthu, n'kuwonjezera zotayidwa m'sitolo, komwe imaluza yokha. Dziko likhoza kupindula pomwe mabuku a kampani akulira. Ife timaona kuti yankho limasiyana chinthu ndi chinthu. Anyezi, malalanje, mandimu, nthochi, kabichi, maungu ndi maapozi ali ndi chikopa chawochawo, ndipo kuwakulunga n'kovuta kukuikira kumbuyo. Sitiroberi, masamba anthete, bowa woduladula ndi chilichonse chosendedwa sizingayende popanda chotengera.

Funso: Ndinamva kuti France inaletsa pulasitiki pa zipatso kenaka khoti linathetsa lamulolo. Kodi sizikusonyeza kuti malamulowa ndi nkhambakamwa chabe?

Ayi bambo, musathamangire pamenepo. France inayamba kuletsa pa 1 January 2022, pa zipatso ndi masamba osadulidwa olemera pansi pa makilogalamu 1.5. Khoti lalikulu loona nkhani za boma, Conseil d'État, linathetsa chikalata chotsatira lamulolo mu December 2022 chifukwa cha mmene boma linalembera mndandanda wa zinthu zopatulidwa. Boma linalemba china mu June 2023, ndipo nachonso chinathetsedwa mu November 2024, ulendo uno chifukwa France siinadikire monga momwe European Commission, nthambi yoyendetsa mgwirizano wa European Union, inapemphera, pomwe lamulo la mayiko onse a mgwirizanowo linali kukonzedwa. Maulendo onse awiri chomwe chinagwa ndi kalembedwe ndi ndondomeko, cholinga chake khoti silinachitsutse.

Lamulo la mayiko onselo tsopano lilipo, ndi Regulation 2025/40, lomwe linayamba kugwira ntchito mu February 2025. Kuyambira 1 January 2030 likuletsa pulasitiki yogwiritsa ntchito kamodzi pa zipatso ndi masamba osadulidwa a pansi pa makilogalamu 1.5. Dziko lililonse likhoza kupatula zinthu zina ngati pali umboni woti zingafote, kuvulala kapena kugwidwa tizilombo, kapena ngati palibe njira ina yolekanitsira zolimidwa popanda mankhwala ndi zinzake. Ndewu yeniyeni ya zaka zikubwerazi ikhala pa mndandanda wa zopatulidwawo, ndipo amene ali ndi masheya m'kampani yolongedza tomato kapena mphesa ayenera kuutsata mwachidwi kuposa mawu a nduna. Spain inakhazikitsa kale zofanana mu Royal Decree 1055/2022, komanso imadula €0.45 pa kilogalamu ya pulasitiki yolongedzera yosagwiritsidwanso ntchito kuyambira January 2023. France ikufunanso kuti pofika 2030 masitolo oposa masikweya mita 400 apereke 20 peresenti ya malo awo ku zinthu zosalongedza.

Funso: Ndiye ndigule masheya a makampani opanga makatoni ndi mapepala?

Uphungu wa kampani yoti mugule sitipereka. Zomwe zachitika n'zakuti akuluakulu a mbali zonse ziwiri akumezana: Smurfit Kappa inaphatikizana ndi WestRock mu July 2024, International Paper inagula DS Smith mu January 2025, ndipo kumbali ya pulasitiki Amcor inatenga Berry Global mu April 2025. Zipatso ndi gawo laling'ono la malonda awo onse, choncho lamulo la makilogalamu 1.5 lokha silingakweze kapena kugwetsa masheya awo. Dziwaninso kuti pepala limalemera kuposa pulasitiki yogwira ntchito yofanana, limanyowa m'firiji, ndipo wogula saona zam'kati. Likamatidwa kansalu ka pulasitiki kuti lisanyowe, ku Britain likhoza kugwera m'gulu la zosakaniza, lomwe ndalama yake yotolera zinyalala mu 2025 inali £461 pa tani, kuposa ya pulasitiki imene.

Funso: Ndikamawerenga lipoti la pachaka la supamaketi, ndingadziwe bwanji kuti zomwe akunena za pulasitiki si chiphamaso?

Sakani matani. Kampani ikati yachotsa zidutswa za pulasitiki mamiliyoni ambirimbiri koma osatchula kulemera kwa pulasitiki yonse yomwe yagwiritsa ntchito chaka chino ndi chatha, pali chomwe ikubisa, pakuti tizivindikiro ndi timapepala timachuluka powerenga koma sitilemera. Onaninso chaka chomwe akuyerekezera nacho, ngati chikusinthasintha, ndiponso ngati nambalayo ndi ya katundu wa dzina la sitolo yokha kapena wa m'mashelefu onse. Mawu oti paketi "ikhoza kupangidwanso china" sanena kuti yapangidwadi. Bungwe la mayiko loona zachuma la OECD linawerengera kuti mu 2019 pulasitiki yotayidwa padziko lonse yomwe inapangidwanso zinthu zina inali 9 peresenti yokha, ndipo majumbo ofewa a zipatso ndi amodzi mwa ovuta kwambiri kuwatolera.

Pa zosalongedza, funsani ngati nambala yawo ndi ya mitundu yomwe ili pa shelefu kapena ya makilogalamu omwe agulidwadi. Sitolo ikhoza kukhala ndi kabokosi ka karoti wosalongedza pakona, pamwamba pake pali khoma lonse la mapaketi otsitsidwa mtengo. Funsani mtengo wa kilogalamu wa ziwirizo. Chosalongedza chikakhala chokwera mtengo kuposa chinzake cha m'paketi, kapena china chikalembedwa mtengo wa chimodzi pomwe chinzake chalembedwa wa kilogalamu kuti wogula asathe kuyerekeza, kuyesako kunalephera kusanayambe. Pomaliza ikani matani a pulasitiki pafupi ndi matani a chakudya chotayidwa. Woyamba akatsika wachiwiri n'kukwera, vuto langosamuka.

Musasokoneze nkhaniyi ndi ya malo odzithirira mpunga, pasitala kapena sopo m'zotengera zanu. Ku Britain, supamaketi ya Tesco inasiya kuyesa zotengera zobweza za kampani ya Loop m'masitolo ake mu 2022, ndipo ya Asda inasiya malo ake odzithirira mu 2024. Zimenezo zimafuna makina atsopano, kutsuka ndi wogula wokumbukira botolo lake. Kugulitsa anyezi pamulu kumangofuna kireti ndi sikelo.

Funso: Ndimayang'anira gawo la zipatso ndi masamba m'supamaketi. Eni ake akufuna tiyambe kugulitsa zosalongedza. Tiyambire pati kuti tisaluze?

Mayi, musanachotse paketi ngakhale imodzi, pimani zotayidwa za chinthu chilichonse pachokha, pa kilogalamu, kwa milungu inayi kapena isanu ndi umodzi. Popanda nambala imeneyi simudzatha kuwauza eni ake ngati kusinthako kwapindula. Kenaka yambani ndi mitundu isanu kapena khumi yolimba, monga anyezi, malalanje, mandimu, nthochi ndi kabichi, m'sitolo imodzi kapena ziwiri, zina zikhale zoyerekezera.

Gwirizanani ndi okubweretserani katundu kuti azibwera m'makireti obwezedwa omwe amaikidwa pa shelefu momwemo, chifukwa kukhuthula kulikonse ndi mabala. Auzeninso kukula komwe mukufuna, popeza zosiyana kwambiri pamulu umodzi zimasiya zazing'ono zopanda wogula. Zazing'onozo ndi zopindika zipatseni malo awo pamtengo wotsika, apo ayi mlimi ndiye adzasenza zotayikazo n'kudzazibweza pa mtengo wa chaka chamawa.

Pa shelefu musaunjike. Mizere iwiri kapena itatu ndi yokwanira pa maapozi ndi tomato, ndipo ngati mukufuna mulu uoneke wodzaza, ikani chokwezera pansi pa kireti. Wonjezerani pang'onopang'ono kangapo patsiku, zakale patsogolo, ndipo wantchito azidutsa pafupipafupi kuchotsa chilichonse chophwanyika chisanapatsire zinzake. Maapozi, nthochi zakupsa, tomato ndi mapeyala zimatulutsa mpweya wa ethylene, womwe umasandutsa burokoli ndi nkhaka kukhala zachikasu ndi kuika madontho ofiirira pa letesi, choncho zitalikirane m'chipinda chosungira ngakhalenso pa shelefu. Nthochi zisazizire pansi pa madigiri 13, zimada khungu. Nkhaka zimawonongeka zikakhalitsa pansi pa madigiri 10. Mbatatesi yosalongedza ikakhala masiku pansi pa magetsi owala imasanduka yobiriwira, ndipo pobiriwirapo pamakhala poizoni wa solanine, motero ikani zochepa zotha tsiku limodzi kapena awiri, zotsala zikhale mumdima, ndi kuphimba shelefu usiku.

Sikelo ikhale yovomerezeka pa malonda ndi yotha kuchotsa kulemera kwa thumba la wogula. Ikani ina pafupi ndi zipatso kuti munthu adziwe mtengo asanafike pa tilu, chifukwa mantha osadziwa kuti alipira zingati ndi amodzi mwa omwe amabwezera anthu ku paketi. Pa kompyuta ya patilu, mitundu yofanana maonekedwe koma yosiyana mtengo ichepetseni, kapena igulitseni pamtengo umodzi. Zolimidwa popanda mankhwala zikhoza kuzindikiridwa ndi kachizindikiro komata kapena kulembedwa pakhungu ndi kuwala kwa laser, njira yomwe supamaketi ya ICA ya ku Sweden inayesa pa mapeyala ndi mbatata. Sabata iliyonse yerekezani makilogalamu omwe analowa ndi omwe tilu ikuti anatuluka, chinthu ndi chinthu. Milungu yoyambirira zotayidwa zimakwera antchito asanazolowere kuodetsa moyenera, ndiye musaweruze msanga. Pakatha miyezi itatu chinthu china chikadali kutayika kwambiri kuposa nambala yomwe munapima poyamba paja, chibwezereni m'paketi n'kuyesa china.